Dzanja Lotola Mwala

Ku Bangwe, kumene a McDonald Mkwapatira anakulira, mwana aliyense amadziwa mankhwala a galu. Akakuthamangira sukuwa, suthawanso ayi. Umangowerama n'kugwira pansi ngati ukutola mwala. Mwalawo ukhalepo kapena usakhalepo, galu amabwerera yekha mchira uli pakati pa miyendo, poti agalu onse akumeneko anaulawapo mwala. A McDonald anaphunzira zimenezi mochedwa pang'ono, galu wa panyumba ina ya mpanda atawasiyira kale chipsera pakatumba. Kuyambira tsiku limenelo dzanja lawo lamanja linkadziwa lokha chochita, osadikira mutu.

Dzanjalo anabwera nalo ku Dublin, m'dziko la Ireland. Anakhazikika ku Finglas ndi akazi awo a Chrissie, amene ankagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Iwo ankanyamula makatoni kumalo osungirako katundu ku Mulhuddart. Ntchitoyo inawadyetsa zaka zambiri, kenako inawadya msana. Dokotala sanazungulire: zonyamulanyamula zatha, kuwerama muchepetse, koma muziyenda tsiku ndi tsiku. Mwana wawo Joy anali atapita kale kukoleji ku Galway. Choncho bambo wamkulu, wa imvi zoyamba kale, anangokhala m'nyumba kumvetsera mvula pazenera, akuyenda monyang'ama kuti asadzutse mayi ogona masana.

Tsiku lina Misa itatha, wansembe anawapempha kuti akazonde a Gerard, mkulu wina wa konkuno amene ankakhala yekha pafupi ndi tchalitchi. Mkuluyo anali atangotuluka m'chipatala kumene anawachita opaleshoni ya m'chiuno. Za galu palibe anatchula.

Atangotsegula kageti, chinthu chakuda chinatulukira kuseri kwa nyumba chili pa liwiro. Dzanja linachita zake. A McDonald anawerama, msana ukudandaula, n'kugwira pa simenti pomwe panalibe ngakhale kamwala.

Galuyo sanathawe. Anaima, kenako anakhala pansi, maso ali pa dzanjalo, mchira ukusesa simenti. A McDonald anagwedeza dzanja moopseza. Galu ananjenjemera thupi lonse ndi chimwemwe koma sanasunthe. Anakhala choncho awiriwo, wina chowerama wina chokhala, mpaka chitseko chinatseguka.

"Ponyani, bambo inu, ponyani!" anatero mwini nyumba m'Chingerezi, atatsamira ndodo ziwiri. "Mukapanda kuponya mugona pomwepo nonse awiri."

"Ndiponye chiyani?"

"Mpira, nanga n'chiyani? Si mukutola mpira?"

"Ndikutola mwala."

"Mwala? Wa ntchito yanji?"

A McDonald anafotokoza za ku Bangwe akadali chowerama. A Gerard anaseka mpaka kugwira chiuno chosokedwacho, akupempha kuti asawaseketsenso.

M'nyumba, pa tiyi, anafotokoza zawo. Galuyo dzina lake anali Molly, ndipo anali wa akazi awo a Nuala, amene anamwalira nyengo yozizira yapitayo. A Nuala anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo ana ndi agalu ankawaphunzitsa chimodzimodzi: khala pansi, dikira. Munthu akawerama kutola mpira, Molly ankakhala, ndipo sankasuntha mpaka mpirawo uchoke m'dzanja, ngakhale mphaka adutse pamphuno pake.

"Tsono mwana wanga Siobhan, wa ku Cork, akuti galu apite kumalo osungirako agalu," anatero a Gerard. "Akuti palibe womuyendetsa, ndipo tsiku lina adzandigwetsa. Sakunama ayi. Koma galu ameneyu akachoka, m'nyumba muno titsala awiri, ine ndi firiji."

A McDonald anayang'ana Molly, amene anali atagoneka mutu pa nsapato yawo ngati anadziwana kale. Sanali munthu wofulumira kulankhula. Anamaliza tiyi kaye.

"Ine dokotala akuti ndiziyenda. Galu wanuyu akufuna kuyenda. Koma ndikuuzeni zoona, bambo, ine agalu ndimawaopa."

"Iyenso amaopa ambulera. Mugwirizana."

Umu ndi mmene zinayambira. Poyamba kunali kungothandiza mkulu wodwala. Koma a Gerard anali munthu wodziwika ku Finglas, poti anagwira ntchito yoperekera makalata zaka zonse za mphamvu zawo, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamva za bambo wa ku Malawi amene samachedwa, mvula igwe isagwe, ndipo amabweza galu atamupukuta mapazi. Namwino wina wogwira ntchito maola ambiri anapempha kuti azimuyendetsera kagalu kake koyera kotchedwa Teddy. Kenako kunabwera banja lina lokhala ndi galu wokalamba wa makutu ataliatali, Rua. Anthuwa ankalipira, ndipo a Gerard anakana kukhala okha osalipira.

A Chrissie atamva kuti nkhaniyi yasanduka bizinesi anakhala pansi.

"Bambo a Joy, ndege yonse ija tinakwera kuti mudzakhale m'busa wa agalu?"

"M'busa ndi m'busa, mayi."

"Akamva kwanu kuti mukuyenda ndi timapepala totolera zoipa za galu, ine ndibisala kuti?"

"Muwauze kuti ndili mu dipatimenti ya zaukhondo."

"Musandiseketse, ndakwiya."

Anaika malamulo awiri: galu asaponde m'nyumba mwawo, ndipo asalowe m'galimoto yawo. Koma anali a Chrissie omwewo amene anabwera ndi jekete ya mvula ndi magambuti, n'kuziika pampando. Analinso iwo amene anaumirira za inshulansi, ndi zoti bizinesiyo ikalembetsedwe kuboma monga mwa malamulo, kuti munthu asamayende mwamantha ngati wakuba.

Kutchalitchi a Kebby, mnzawo wa ku Zambia wolandira anthu pakhomo, sankawasiya, ankangowaseka za agaluwo m'Chinyanja cha kwawo.

"Ba McDonald! Manje ndimwe ba bwana ba imbwa? Muzatilemba nchito liti, mudala?"

"Mukadzasiya kuthawa kagalu ka a sisitere, achimwene."

Ntchitoyo inali ndi zake zimene munthu wongoonera sangadziwe. A McDonald anaphunzira kuti Teddy sagwirizana ndi njinga, ndi kuti Rua akaima pamafunika kumudikira, osamukoka. Anaphunzira kutumiza chithunzi pafoni kwa mwini galu aliyense, poti azungu akonkuno amafunsa za galu monga momwe kwathu timafunsira za mwana amene wapita kusikelo. Koma chimene chinkawalemera koposa chinali makiyi. Anthu amene sanafikepo ku Bangwe, osadziwa ngakhale mfumu ya kwawo, ankawapatsa makiyi a nyumba zawo n'kupita kuntchito. Ankadziwa bwino lomwe kuti makiyi onsewo anabadwa mwa kiyi imodzi, ya a Gerard, ndi kuti mawu a mkuluyo akadzasintha, onse adzabwerera kwa eni ake. Ankadziwanso kuti Siobhan anangololera poyembekezera: chikachitika chilichonse, Molly apita.

Msana unayamba kupepuka. Mantha nawo anachepa, mpaka iwo eni ankaganiza kuti anatha. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Linali tsiku la mu Novembala, la kamvula kowaza, masana. Anali kupaki ya m'mbali mwa mtsinje wa Tolka. Teddy ndi Rua anawamangirira pa lamba wa m'chiuno monga mwa masiku onse, ndipo chingwe cha Molly chinali m'dzanja lamanzere, poti iye sankakoka. Mwadzidzidzi, kuchokera m'zitsamba, kunatulukira chigalu chachikulu chopanda chingwe, mwini wake osaoneka, chikubangula cholunjika kwa Teddy.

Mutu wa a McDonald unkadziwa zoyenera kuchita: kuima njii, kuika agalu kumbuyo, kulankhula mwamphamvu. Koma dzanja linafika pansi mutu usanayambe. Ndipo m'mbali mwa mtsinje miyala ilipo yeniyeni. Anatola, n'kuponya.

Mwalawo unaphonya. Molly, amene moyo wake wonse ankadziwa chinthu chimodzi chokha chokhudza dzanja loponya, analumpha kuutsatira, n'kukagwera pakamwa pa chigalu chija. Panamveka kulira. Molly anabwerera chafutambuyo, mutu unatuluka mu kolala yake ya m'khosi, ndipo anathawa kutsika ndi mtsinje, chigalucho chili pambuyo. Patali wina anaimba mluzu, chigalu chinatembenuka n'kupita kwa mwini wake. Molly sanatembenuke.

A McDonald anatsala ndi chingwe m'dzanja, kolala ikulendewera, ndipo pa kolalapo panali kachitsulo kolembedwa nambala ya foni ya a Gerard. Anaitana mpaka mawu anasasa. Kuthamanga sakanatha, Rua anali wokalamba, iwonso msana sukanalola. Anaimba foni kunyumba.

"Mayi a Joy, pepani ndakudzutsani. Molly wathawa."

"Wathawa bwanji? Si uja mumati ndi wa nzeru kuposa anthu ena?"

"Ndaponya mwala."

A Chrissie anamveka akudzuka pabedi.

"Muli pati?"

A Chrissie anafika atavala khothi pamwamba pa zovala zogonera, kumutu ali ndi mpango wawo wa maluwa ofiira. Anayang'ana agalu awiri onyowawo, anayang'ana mpando wakumbuyo wa galimoto yawo, n'kutsegula chitseko.

"Lowetsani. Ndipo musandiyang'ane."

Anazungulira paki yonse, kufunsa aliyense woyenda ndi galu. Anayang'ana pansi pa mlatho. Anafunsa anyamata ena amene ankadyetsa hatchi pa kapinga, iwo anapukusa mitu. M'mwezi umenewu dzuwa la Dublin silichedwa, ndipo magalimoto anali atayamba kuyatsa nyali. A McDonald ankangotulutsa foni n'kuibweza m'thumba. Akawauza a Gerard, mkuluyo atuluka ndi ndodo zake pamsewu woterera. Akapanda kuwauza, ndiye kubisa maliro.

"Tiganize ngati galu," anatero a Chrissie. "Inu akanakulumani mukanapita kuti?"

"Kunyumba."

Onse awiri anayang'anizana. Pakati pa pakiyo ndi nyumba ya a Gerard pali msewu waukulu wa Finglas, wa mizere iwiri mbali iyi ndi iwiri mbali inayo, kumene mabasi ndi malole amadutsa osapuma.

Anaimika galimoto pafupi ndi siteji ya basi n'kutsika. Ndipo anamuona. Molly anali pa kamzere ka udzu ka pakati pa msewu, atawoloka kale mbali imodzi, akuyenda uku ndi uku, magalimoto akudutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ubweya wake wakuda sunkaoneka bwino mu kamdima ndi mvula. Anatukula mutu, anaona jekete yodziwika ija, mchira unagwedera, ndipo anaika phazi limodzi pa tala.

A McDonald anatsegula pakamwa.

"Musaitane!" A Chrissie anawagwira mkono. "Mukaitana abwera!"

Basi ya nsanjika inali kutsetsereka kuchokera kumtunda. Nthawi imeneyi dzanja silinachite lokha. A McDonald analiuza. Anawerama pang'onopang'ono kuti galuyo aone bwino, n'kugwira pansi ponyowa ngati akutola kanthu.

Molly anabweza phazi. Anakhala pansi pa udzu, makutu ali tcheru.

Basi inadutsa pakati pawo, n'kumuphimba. Itadutsa anali pomwepo, maso ali pa dzanja.

"Pitani, mayi," anatero a McDonald osatukula mutu. "Mukawolokere pa maloboti, mubwere cha kumbuyo kwake. Musathamange akakuonani."

"Ine ndimugwire ndi manja angawa?"

"Chonde, Chrissie."

Dzina limenelo anali asanalitchule zaka zambiri. A Chrissie ananyamuka.

Maloboti anali patali ndithu, ndipo kamunthu kobiriwira ka pamenepo sikadziwa kuti wina ali pachangu. A McDonald anakhala chowerama. Poyamba msana unangodandaula, kenako unayamba kuyaka, moto ukutsikira m'mwendo mpaka kuphazi. Madzi a mvula ankalowa m'khosi. Kagwedezedwe kalikonse ka dzanja kakanatha kuoneka ngati kuponya, choncho analikanikiza pansi, zala zili m'madzi. Anthu a pa siteji anayamba kuwayang'ana. Mayi wina wonyamula zogula anafika pafupi.

"Muli bwino, bambo? Mwagwetsa kanthu? Ndiitane ambulansi?"

"Ayi, mayi, zikomo. Chonde musaime kutsogolo kwanga. Galu uyo akuyenera kumandiona."

Mayiyo anayang'ana kutsidya, anagwira pakamwa, n'kusuntha. Kenako anauza ena. Basi yawo inabwera, ena sanakwere.

A McDonald sanapemphere pemphero lodziwika. Ankangolankhula chamumtima ndi mayi amene sanawaonepo, a Nuala, kuti zimene munaphunzitsa zigwire, mayi, zigwire pang'ono pokha. Lole inadutsa ikuwaza madzi. Molly anagwedeza makutu koma sanasunthe. Wina analiza hutala. Sanasunthe.

Kenako kumbuyo kwa galuyo kunaoneka khothi lodziwika likubwera pa kamzere ka udzu, mwakachetechete ngati munthu wogwira nkhuku. A Chrissie anavula mpango kumutu, anagwada m'matope, n'kuukulunga m'khosi mwa Molly, kumanga mfundo ziwiri. Galuyo anatembenuka n'kuwanyambita kumaso. Kukuwa kwa a Chrissie kunamveka mpaka tsidya lino, pamwamba pa magalimoto onse.

Pa siteji anthu anawomba m'manja. A McDonald anayesa kuweramuka, zinakanika. Anachita kuwadzutsa abambo awiri, wina mbali iyi wina inayo, monga momwe amaimikira mzati.

Anabweza kaye Teddy ndi Rua kwawo, n'kuuza eni ake pafoni chifukwa chochedwera. Molly anali ndi kabala kakang'ono paphewa. Pofika kwa a Gerard, mkuluyo anali ataima kale pakhomo, nyali ya panja itayaka. Anayang'ana galu wa mpango wa maluwa, mayi wa matope m'mawondo, ndi bambo wopindika ngati khasu.

"Lowani nonse, musanafe."

A McDonald anakana kukhala pansi asanalankhule. Anafotokoza zonse monga zinachitikira, za chigalu, za mwala, za msewu. Za msana wawo sanatchule. Atamaliza anatulutsa kiyi n'kuiika patebulo.

"Ndinalakwa ine, bambo, osati galu. Munandipatsa chinthu chimodzi chimene munatsala nacho, ine n'kuchiponyera pamsewu. Mwana wanu akafuna wina womuyendetsa, ndimvetsa. Koma Molly asachoke chifukwa cha ine."

A Gerard anayang'ana kiyiyo. Anali atakhala pampando, dzanja likusisita mutu wa galu.

"Anakhala nthawi yonseyo?" anafunsa.

"Anakhala."

"Ndi mabasi omwe?"

"Ndi mabasi omwe," anayankha a Chrissie. "Ndipo awa sakukuuzani kuti anawerama mpaka anachita kuwadzutsa anthu. Dokotala wawo akamva awamenya."

Mkuluyo anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso ndi mphuno, mosabisa.

"Siobhan ndimuuza ndekha, zonse, kuyambira mwala mpaka msana. Akamva ayamba wakalipa, ndi mwana wa mayi ake. Kenako ndimufunsa kuti andipezere munthu wina mu Dublin muno amene angawerame choncho chifukwa cha galu wa eni." Anakankha kiyi ija ndi chala kuibwezera kwa a McDonald. "Koma pali chimodzi. Munaponya?"

"Kuponya?"

"Pamsewu paja. Munawerama, iye anakhala. Munaponya pambuyo pake?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye akudikirabe. Nuala ankati galu sanamizidwa. Ukawerama, uponye." Analoza kuseri kwa chitseko. "Mayi, tatengani kathumba ako."

Pa msomali panali kathumba ka nsalu kosokedwa pamanja, kodzaza ndi mipira ya tenisi yothothoka. Kanali kasanachokepo chimwalirire mwini wake. A Chrissie anakatsitsa ndi manja awiri n'kupereka kwa amuna awo.

Anatuluka kuseri kwa nyumba, kumene kunali kabwalo ka mpanda. A McDonald sakanathanso kuwerama, anangotsitsa dzanja mpaka pabondo. Kwa Molly zinakwana. Anakhala pansi, mpango uli m'khosi. Mpira unauluka osafika patali, ndipo galuyo anaudumphira ngati palibe chinachitika tsiku lonselo.

"Kathumbako katengeni," anatero a Gerard ali pakhomo. "Mpira umodzi uzikhala m'thumba lakumanja. Dzanja lanulo likafuna kutola kanthu, lizipeza umenewo."

A McDonald anafuna kuthokoza m'Chingerezi, koma mawu ake anawaona aafupi. Anapanira kathumba m'khwapa n'kuwomba m'manja mwakachetechete, mutu utazyolika, monga amachitira kwawo pamaso pa wamkulu. A Gerard sanafunse tanthauzo lake.

A McDonald anagona masiku angapo, msana utakana. M'masiku amenewo agalu sanasowe woyendetsa. Anthu a ku Finglas anaona mayi wina wa khothi lalitali akukokedwa ndi agalu atatu, akuwakalipira m'Chichewa. Siobhan anaimba foni, anakalipadi, kenako anafunsa ngati a McDonald akupeza bwino. Mayi wa zogula uja naye anali atafalitsa nkhani, ndipo foni inayamba kulira ndi manambala achilendo.

M'mawa umene anabwerera kuntchito, anapeza a Chrissie akusesa ubweya pampando wakumbuyo wa galimoto.

"Fungo ili silichoka, bambo a Joy. Ndayesa zonse."

"Pepani, mayi. Mpango uja ndikautenge lero?"

"Ndiuvale utagona ndi galu? Musiyeni, wamukhala." Anaweramuka n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku magambuti. "Mwatenga?"

A McDonald anagwira thumba lakumanja la jekete. Mpira unalimo. Makiyi anali m'thumba linalo, akulira pang'onopang'ono pamene ankatsika ndi msewu kulowera kwa a Gerard.